Abiti Sumani, Amene Anatcha Mwana Wanga Dzina mu Minibasi

Azakhali anamwalira m'mawa anthu akumwa tiyi, ndipo pamene dzuwa linkapendeka amuna anali atabwerako kale kumanda, akupukuta mchenga kumapazi. Ine ndinabadwira kumtunda, kumene maliro timagonera, kuimba mpaka mawu kusasa, kudikira wa ku Joni afike. Changu cha maliro a Chisilamu sindinachizolowerebe. Koma tsiku limenelo ndinadzigwira pakamwa kuti ndisaseke pakati pa anthu olira. Ndinati mumtima, eya, lero lokha Abiti Sumani apeza anthu ochita zinthu pa liwiro lawo.

Sanali azakhali anga ine. Anali azakhali a amuna anga, a Yusufu, mlongo wa bambo awo, ndipo ndiwo anawalera mayi awo atamwalira. Ndiye kwa ine anali apongozi enieni. Koma pa Senga Bay ponse, kuyambira ana mpaka shehe, aliyense ankangoti Azakhali, inenso ndinangolowa momwemo.

Kwathu apongozi timawaopa. Umagwada uko patali, kulankhula maso ali pansi. Tsiku limene ananditenga kudzandionetsa, ndinagwada bwinobwino monga anandilangizira mayi anga. Ndinangoona mapazi akudutsa. Anadutsanso kachiwiri. Kachitatu anaima.

"Iwe ndiwe Nankhoma uja? Dzuka, dzuka, mawondo amenewo udzawafuna. Gwira beseni ili."

Iwe! Tsiku loyamba! Ndinagwira besenilo, koma pambuyo pake ndinakalira kuseri kwa bafa. Ndinkaganiza kuti andida chifukwa ndine wa kutchalitchi. Patapita nthawi ndinamva akumunena iwe ngakhale mwini bwato, munthu wa mimba yake ndi imvi zake, ndiye mtima unakhala pansi.

Kukhala pansi, iwo sankakudziwa. Ankadya ali chiimire, mbatata m'dzanja, maso ali kumitambo. Ukawapatsa mpando ankakhalira m'mphepete, mwendo umodzi utaloza kale kukhomo. Nkhani ili pakati, iwe ukufotokoza bwinobwino, ukatukula mutu n'kupeza ukulankhula ndi nkhuku, eni ake ali uko akukalipira munthu wina. Nthawi yokha imene ankafika pansi inali ya swala, popemphera, komabe anzawo ali pakati iwo anali akupinda kale mkeka. Shehe anawadandaulapo. Iwo anamuyankha kuti Mulungu si wogontha, amamva kamodzi.

Ntchito yawo inali usipa. Ankagula kwa alovi, asodzi a kunyanja kuno, pa doko mabwato akangokocheza, kufutsa wina, wina kuyanika wauwisi pa mathandala awo, matebulo aatali aja a bango ndi waya amene ankayambira pa mtengo wa mkuyu kutsetserekera kumadzi. Tsiku lonse ankazungulira pamenepo, kutembenuza, kupirikitsa akhwangwala, kununkhiza mphepo. Kamtambo kakangodetsa ku chilumba cha Domwe, mudzi wonse unkadziwa, chifukwa mawu awo ankafika mpaka kumsewu. Ankakonda kunena kuti usipa sudziwa kuti mwini wake watopa, ndiponso kuti chinthu chimene wati uchita mawa chayamba kale kununkha.

Ali mtsikana ankakwera sitima ya pamtunda pa Chipoka ndi matumba a nsomba kupita nawo ku Limbe. Anzawo a nthawi imeneyo amasimba kuti tsiku lina sitima inaima nthawi yaitali pa Balaka. Anthu anayala zitenje pansi, ena kugula nzimbe. Azakhali anatsitsa matumba awo onse, kuwakokera kumsewu, kuimitsa lole ya chimanga. Pamene sitima inkalowa mu Limbe anzawo anawapeza atagulitsa kale theka, akuwafunsa kuti munagona kuti. Nkhaniyi iwo eni sankaikana, ankangoti sitimayo inali ya anthu opanda chochita.

Milandu anali nayo yambiri, ndipo yambiri anaiyamba okha. Anthu ena atamanga loji yatsopano, mpanda wake unatseka kanjira kamene amayi ankadzera popita kumadzi. Anthu anadandaula, anati tikakambirane, tidikire msonkhano. Azakhali m'mawa mwake anasenza beseni la usipa wauwisi n'kulowa pa geti lalikulu, kudutsa pakati pa alendo akudya mazira awo, madzi a nsomba akudontha, kukatulukira kunyanja. Mlonda anawathamangira. Mawa lake anadutsanso. Sabata isanathe eni lojiyo anatsegula kampata kumbali, ndipo mpaka lero kamatchedwa ka Azakhali.

Ndi mayi anga ndiye sankamwerana madzi. Mayi ndi munthu wodekha, wa kumunda, woti akafuna kuyankha amayamba wakonza chitenje. Tsiku lina anawauza mwaulemu kuti, amayi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Azakhali anafunsa kuti, ndiye mukawaona masowo mumawaphika? Mayi anakhala chaka osabwera kunyanja.

Koma mlandu waukulu unali wa ine ndi iwo, ndipo unali wa dzina la mwana wanga woyamba.

Ndili woyembekezera, a Yusufu anagula foni ya intaneti, ndipo dzinalo analipeza pamenepo. Anati ndi la Chiarabu, choncho kwawo sakadandaula, komanso limamveka ngati la Chizungu, choncho kwathu sakaliona lachilendo. Iwo ankalemba Nailah. Ine ndinaliona penapake litalembedwa Nyla, ndipo ndinkati lokongola ndi limenelo. Potchula, iwo ankati Naila mofulumira, ine ndinkalikoka pang'ono, mnzawo wina wophunzira anatiuza kuti tonse tikulakwa, ndi Nila. Tinkakangana tikuseka. Ndinalikonda dzinalo, sindibisa. Ndinkalitchula chamumtima ndikutsuka mbale, ndipo mwana ankagunda m'mimba ngati akuvomera.

Tsono mwambo ndi wakuti mwana woyamba amamutcha ndi akuchimuna, ndipo pa banja limeneli akuchimuna anali Azakhali. Komanso dzina silitchulidwa mwana asanatuluke m'chikuta, m'nyumba muja mmene mayi ndi khanda amabindikira. Mchombo uyambe wagwa, mwana ametedwe, mbuzi izingidwe, shehe awerenge duwa, pemphero lawo lija, pamenepo wotcha dzina ndiye amatsegula pakamwa. Ife zonsezo tinkazidziwa. Tinangoganiza kuti masiku ano zinthu zinasintha. Tinawapeza pa mathandala, a Yusufu patsogolo, ine pambuyo ndi mimba yanga.

"Azakhali, akakhala wamkazi, dzina tapeza kale."

Sanasiye kutembenuza usipa. "Ndani?"

"Naila."

"Iwe Nankhoma, nena iwe."

Ndinanena mmene ndinkanenera ine. Mnzawo uja anali pomwepo, nayenso anaponyamo lake, Nila.

"Ha! Eni akenu muli atatu, maina atuluka atatu. Nanga mwana akadzalowa m'madzi akuya, ine ndikufuna kumuitana abwerere, ndidzayambe ndafunsa foni?"

"Lili ndi tanthauzo labwino, Azakhali."

"Tanthauzo silimveka kutali. Ndiponso mwana adakali m'mimba, inu mukuyanika dzina lake pa dzuwa ngati usipa. Dzina lilipo kale. Ndinasunga."

Ndinafunsa kuti dzina lake ndani. Ananditembenukira koyamba, kundiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumimba. "Nditchule pano? Wapenga?"

Ine ndine munthu wofatsa, koma ndikauma ndimauma ngati chikwanje. Ndinati mwana ndanyamula ndine, msana ukupweteka ndi wanga, sindingavomere dzina lobisidwa ngati mankhwala. Mpaka lero ndimati pamenepo sindinalakwe.

Mwana anabadwa mvula itayamba, wamkazi. Mayi anga anabwera kuchokera kumtunda kudzandisamalira m'chikuta. Atamva dzina lathu lija anangofunsa kuti, Naila, ndiye mfunda wa kuti umenewo, poti kwathu timadziwa Nabanda ndi Naphiri? Koma pa mlanduwo anali mbali yanga, mwina chifukwa cha nkhono zija. Mchombo unagwa. Sabata inakwana n'kupitirira. Ine ndinati likapanda kukhala Naila ndinyamula mwana wanga kupita kwathu. Azakhali anati mbuzi yawo sifera dzina la pa foni. A Yusufu, amuna inu, anamva kuti usipa wagwa cha ku Chipoka, n'kukwera bwato kutisiya tikuyang'anizana.

Ndiye mwana anangokhala mlendo. Obwera kudzaona ankati, ali bwanji mlendoyu? Ine ndinali Nankhoma yemwe uja, osati make wa aliyense. Azakhali ankabwera kangapo pa tsiku, kuima pakhomo, kusuzumira, kufunsa ngati wayamwa, kuchoka osandipatsa moni. Ankabweranso ndi nsomba yowamba, kuisiya pa mphasa, kuchokanso. Tonse tinkadikira kuti wina agonje.

M'mawa wina mwana anakana bere. Thupi linali moto. Maso anali achikasu, ndipo kulira kwake kunachepa, kunangokhala ngati kwa kamphaka. Ndinamuika kubere lina, anakana. Mayi anamugwira paliwombo, anayang'ana mayi wina woyandikana nafe amene anali atalowa, n'kutuluka naye pakhomo. Ankaganiza kuti akunong'ona, koma khomo linali la nsalu.

"Zikavuta, mudzandithandize kumugwira mwana wangayu asakuwe. Khandali silinatuluke, lilibe dzina. Ndi nthayo. Tikangotaya ife amayi tokha."

Kwathu zimatero. Khanda lomwalira lisanatuluke m'chikuta sawerengera kuti ndi maliro. Salira, saimba, amuna sapita. Amayi achikulire amalinyamula mwakachetechete kukalikwirira m'kadzenje kosaya, ndipo make amauzidwa kuti apukute misozi, udzabala wina. Mayi anga sanali ankhanza. Iwonso anataya awiri mwa njira imeneyo, ndipo ankangondikonzekeretsa monga anawakonzekeretsera iwo. Koma ine mawu amenewo ndinawamva onse. Ndinayang'ana mwana wanga, kamunthu kathunthu, ka zala zake ndi zikhadabo zake, ndipo ndinalibe dzina loti ndimuitanire limene wina aliyense akanalivomereza.

Kunja kunamveka chinthu chikugwa. Azakhali anali ataima pabwalo ndi beseni la usipa pamutu, ndipo anamva zonse. Besenilo anangolitaya. Munthu woti kausipa kamodzi kakagwa ankakatola n'kukapemerera mchenga, anasiya beseni lathunthu nkhuku zikulimbirana. Analowa m'chikuta osaodira, kunyamula mwana, kumukulunga.

"Nankhoma, dzuka. Nsapato zisiye."

Tinakwera kabaza mpaka pa siteji. Minibasi yopita ku Salima inalipo, koma munali anthu ochepa, ndipo dalaivala anali uko pa chiwaya akudya tchipisi. Kondakitala anati tidikire idzaze kaye, amayi. Azakhali anandipatsa mwana, kuzungulira kutsogolo, kulowetsa dzanja pawindo n'kukanikiza hutala. Sanachotse dzanja. Siteji yonse inatembenuka. Agalu anayamba kuuwa. Dalaivala anabwera akuthamanga, tchipisi chili m'kamwa, akutukwana, koma atasuzumira m'nsalu ya mwana anameza mawu ake n'kuliza galimoto.

Msewu wa ku boma si wautali, koma tsiku limenelo unatalika. Tinapanikizana kumbuyo pakati pa madengu a nsomba. Titayenda pang'ono, kulira kuja kunasiya. Mwana anangoti zii, maso otseka, kachifuwa kokha kakukwera ndi kutsika mofulumira. Azakhali anamutenga m'manja mwanga. Kanali koyamba kuwaona atakhala mpando wonse, msana utatsamira, osagwedezeka.

"Nankhoma. Dzina lako lija."

Ndinalira. "Azakhali, tchani lanu lomwelo, chonde. Lililonse. Ndagonja ine."

"Ayi. Ngati kuli kulira, wolira ndiwe. Likhale dzina loti pakamwa pako lizituluka lokha. Nena msanga."

Ndinanena. Iwo anati Bisimila, kuweramira kukhutu kwa mwana, n'kulitchula mwawomwawo, molikoka pakati ngati akuitana munthu ali pa bwato.

"Nayiila. Ndiwe Nayiila, mwana wa Yusufu. Wamva? Wafika. Ndiwe munthu."

Kenaka anatukula mutu n'kuyang'ana minibasi yonse. Analoza kondakitala. "Iwe, mwana uyu dzina lake ndani?"

Mnyamatayo anadabwa. "Nila, amayi."

"Inu mayi?" Anali mayi wina wovala yunifolomu ya kutchalitchi, akupita ku msonkhano wawo.

"Naira."

Anafunsa aliyense, mpando ndi mpando, mpaka dalaivala. Bambo wina wachikulire wa chipewa anati Nayela. Aliyense analitchula mwake, ndipo Azakhali, amene anatinyoza ife chifukwa cha zomwezo, sanakonze ngakhale mmodzi.

"Mwamva nonse, ndinu mboni. Uyu ali ndi dzina. Chikachitika chilichonse, ameneyu si wotaya. Ameneyu ndi maliro, ndipo make adzalira mpaka atope."

Wotcha dzina satcha chimanjamanja, amapereka kanthu. Iwo anali atatuluka opanda chilichonse. Anagwira pamphuno, kuchotsa chipini chawo, kandolo kasiliva kamene anavala kuyambira utsikana wawo, n'kukamangirira pa nsonga ya nsalu ya mwana. Mayi wa yunifolomu uja anayamba kupemphera motsitsa, ndipo Azakhali anamusiya apemphere.

Ku chipatala anatilandira msanga. Mwana anamuika diripi, kumugoneka pansi pa nyale. Tinakhalako masiku angapo. Azakhali anayenda m'khonde la wodi imeneyo uku ndi uku mpaka anamwino anawazolowera n'kumawatuma. Usipa umene anausiya pa mathandala mvula inaunyowetsa wonse, unawola, ndipo sanaufunse n'komwe. Tsiku limene mwana anagwiranso bere, ndinawaitana kuti adzaone. Anasuzumira, anati Alihamudulila, n'kundiuza kuti ndamugwira molakwika.

A Yusufu anabwera maso ali pansi. Mbuzi inazingidwa pambuyo pake, mwana anametedwa. Shehe anayesa kunenapo kuti dzina la mu minibasi, lotchedwa pakati pa madengu, silinayende m'njira yake. Azakhali anamufunsa ngati Mulungu mu minibasi salowa. Nkhani inathera pomwepo.

Za dzina lawo lija ndinadzafunsa Naila atayamba kuyenda. Tinali pa mathandala, ine mbali iyi iwo mbali inayo. Ndinati, Azakhali, dzina munasunga lija, bwanji osatiuza? Mwina ndidzabala wamkazi wina.

Anapitiriza kutembenuza usipa, ndipo anasimba akuyenda, moti ndinkachita kuwatsatira kuti ndimve. Anati asanayambe za nsomba anakwatiwapo kumtunda, kwa mlimi wa fodya, munthu wa kwathu komwe kuja. Anabala mwana wamkazi. Wotcha dzina anali malume a mwamunayo, ndipo anali kutali ku ntchito, ndiye anati tidikire abwere. Anadikira. Mwana anadwala, anamwalira ali m'chikuta. Iwo atatsegula pakamwa kuti akuwe, mayi wina anawatseka ndi chikhatho. Anamunyamula mwanayo m'kansanza kupita naye cha kudambo. Make sapita nawo, choncho malowo sanawaone. Madzulo ake anthu anadya, ana anasewera pabwalo, ngati palibe chachitika.

"Koma ine ndinali nditamutcha kale mumtima," anatero. "Sindinauze munthu. Ndinali mtengwa, ndikanauza yani?"

Anachoka kumeneko wapansi, kubwerera kunyanja, ndipo sanabalenso. Sindikunena kuti n'chifukwa chake sankakhazikika. Anzawo amati anabadwa choncho, ali mwana ankathawa m'manja. Ine ndikungonena zimene anandiuza.

Ndinati ndiye bwanji munkafuna kulipereka kwa mwana wanga? Anati ankafuna limveke kamodzi kokha pakamwa pa anthu, wina alikuwe pa doko, wina avomere. Ndinati nanga bwanji mu minibasi muja munakana, ine nditagonja kale?

Anaima. "Ndinamuyang'ana wakoyo ndili naye m'manja, ndinaona kuti ndi munthu wina. Uja alibe manda odziwika, alibe womulira, alibe chilichonse. Ndimulande ndi dzina lomwe?" Anandiloza ndi chala chonunkha nsomba. "Lili ndi mwini wake. Tembenuza uko, ukupsa."

Ine pambuyo pake ndinabala amuna okhaokha. Mlamu wanga atabala wamkazi anawapempha kuti atche, anatcha Patuma osaganiza n'komwe, ngati akugula mchere.

Naila anakula ndi maina ake onse aja. Ku sukulu aphunzitsi amalemba mwina, ku madarasa mwina, kwa agogo ake kumtunda ndi Naira mpaka lero. Mphunzitsi watsopano aliyense amaima pa dzina lake n'kufunsa kuti limatchulidwa bwanji, anzake n'kumaseka. Tsiku lina Naila anabwera atakwiya, anati akufuna dzina lina, loti munthu akaliona angolidziwa. Wolikakamira dzinalo ndinali ine. Azakhali anamuuza kuti dzina limenelo analivomera minibasi yathunthu, ndiye akafuna kulisintha ayambe wawapeza anthu onsewo. Mwanayo anaseka, nkhani inatha. Koma ankadziwa kusiyanitsa. Ine ndikaitana ankati ndikubwera. Kukamveka "Nayiila-ee!" kuchokera ku mathandala, ankatuluka m'madzi akuthamanga, ngakhale masewera atafika pokoma.

Chaka chatha Azakhali anachita sitiroko ali pa doko, akukangana ndi mlovi. Mbali imodzi inafa, pakamwa panapotoka. Munthu uja tinamukhazika pa mpando wa pulasitiki pakhonde, ndipo kunena zoona sindinaonepo chilango choposa chimenecho. Mwendo wabwinowo unkangogunda pansi tsiku lonse, moti unakumba kadzenje m'dothi. Mtambo ukadetsa ankamenya mpando ndi dzanja, kubuula, kuloza kunyanja, ngakhale kuti pa mathandala panalibe nsomba yawo. Tikachedwa ndi phala ankataya supuni. Ndinkawakalipira, iwo n'kumandikalipira ndi maso.

Nthawi imeneyo ndi pamene mtima wanga unayamba kusakhazikika. Ndinkaona kuti akupita, ndipo akupita nalo. Ndinawafunsa ndikuwasambitsa. Ndinati, Azakhali, sindidzapatsa mwana aliyense, ndikulumbira. Ndingolidziwa basi, kuti pakhale munthu mmodzi wolidziwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Milomo inagwedezeka, panatuluka kamawu kosamveka. Ndinayandikitsa khutu. Anatembenuzira nkhope kukhoma. Kaya lilime linawakanika, kaya anakana dala, sindidziwa, ndipo chimenechi chimandidzutsa pa mpando ngakhale ndili pakati pa kudya.

Pa sadaka yawo panabwera anthu ambiri, alovi, ogulitsa nsomba, mayi anga omwe anabwera kuchokera kumtunda. Mpunga utapsa, shehe anati asanawerenge duwa timuuze maina a onse a pa banjali amene anatsogola, kuti awatchule pamodzi ndi Abiti Sumani. A Yusufu anatchula bambo awo, mayi awo, agogo, achimwene awo amene anamira. Shehe anafunsa ngati atha.

Ine ndinali kumbali ya amayi, kumene sitilankhula. Ndinangopezeka ndaimirira.

"Alipo wina. Mwana wamkazi wa Azakhali."

Anthu anatembenuka. Ambiri sankadziwa kuti anabalapo. Shehe anandiyang'ana mokoma mtima ndithu.

"Dzina lake, mayi?"

Mayi anga anaweramitsa mutu. Pamapeto ndinati, ingonenani kuti mwana wa Abiti Sumani. Shehe anatero, anthu anati amina, mbale zinayamba kuyenda.

Mpunga sindinadye. Ndinatsika ndi kampata kaja mpaka ku mathandala, dzuwa lili pamutu. Palibe amene wawatenga. Bango lathyoka pakati, waya wachita dzimbiri, ndipo mwendo umodzi wagwa moti thandala lonse lapendekera kumadzi. Mbuzi za eni ake zagona pansi pake pa mthunzi. M'mbali monse, mmene ankazungulira, mchenga udakali wolimba ngati njira, koma udzu wayamba kulowamo. Ku Domwe kunali kamtambo kakuda, ndipo pa doko ponse panalibe wokuwa. Ndinazungulira thandalalo kamodzi, ndinazunguliranso, ndikutchula chamumtima maina onse aakazi amene ndimawadziwa, a kunyanja ndi a kumtunda, kuti mwina limodzi ligunda. Akhwangwala anatera pa waya, anayang'ana, anapeza palibe kanthu, anauluka.